Makalata a mlembi m'thiranki ya ku Kasungu: zolemba za ulendo

Lolemba, Lilongwe mpaka Kasungu

Banja lina la ku Kasungu lili ndi thiranki ya malemu bambo awo, amene anali mphunzitsi komanso mlembi wa mabuku a nthano zazitali m'Chichewa. Latipempha kuti tikonze makalata ali m'menemo asanapite kosungirako zolemba zakale. Dzina la mlembiyo sitilitchula pano, chifukwa banja silinasaine pangano lililonse, ndipo ambiri mwa anthu otchulidwa m'makalatamo akadali moyo.

Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, kudzera ku Lumbadzi, Mponela ndi Madisi, kuwoloka Bua, kudutsa pa Chinkhoma pomwe pali msika wa fodya, mpaka phiri la Kasungu lionekere kutsogolo. Mwezi wa Seputembala tausankha dala. Mpweya ndi wouma, ndipo mapepala angathe kuyalidwa pakhonde popanda mantha a mvula. M'dzinja ntchito iyi imavuta, pakuti pepala limayamwa chinyezi ndipo chuku chimene chinagona chimadzuka.

Tanyamula mapensulo a 2B, burashi yofewa, magolovesi a nitrile, zophimba pakamwa ndi mphuno za N95, matumba a pulasitiki okhuthala otsekeka bwino, mapepala oyamwa madzi, beseni lokhala ndi chivindikiro, kachipangizo koyezera chinyezi, sikana, laputopu ndi ma hard drive awiri. Mafayilo a pepala lopanda asidi savuta kutchula koma amavuta kupeza kuno. Akasowa, gulani mapepala oyera a A3 a fotokope, muwapinde pakati: mapepala ambiri a masiku ano a mtundu umenewu alibe asidi, ndipo amateteza kalata kuti isakhudzane ndi fayilo ya khaki kapena katoni, zimene zimafiiritsa pepala. Selotepi, guluu, bolopeni, mastepulo ndi mphira zomangira tazisiya. Pa tebulo la makalata akale zinthu zimenezi zisapezekepo n'komwe.

Lachiwiri, kumudzi

Thiranki sitsegulidwa mwini wake asanadziwike. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana, koma m'mudzi wa Achewa mwini mbumba sadumphidwa. Mukamudumpha lero, nkhani imadzabuka tsiku limene makalata akukwera galimoto. Choncho m'mawa wonse watha tili pamphasa: mayi wamasiye, ana, alongo awo a malemu ndi amalume a pabanjapo.

Mwana wamkulu ndiye anafotokoza. "Amayi, alendowa akuti sanyamula kalata ngakhale imodzi popanda mawu anu."

"Tsegulani ana anga," anatero mayiwo. "Koma za m'mpango wofiira zija ndiyambe ndaziona ndekha."

Pempho lotere limalemekezedwa popanda kufunsa chifukwa. Mtolo wa m'mpangowo waupatsa nambala ngati inzake, talemba kuti uli m'manja mwa mayi, ndipo sitinaumasule.

Chinthu choyamba pambuyo potsegula si kuwerenga ayi, koma kujambula. Jambulani thiranki monga momwe ilili, chotsani mitolo ya pamwamba, jambulaninso, mpaka kufika pansi. Mtolo uliwonse ulandire kapepala ka nambala yolembedwa ndi pensulo. Anthu ambiri a mtima wabwino amalakwa pano: amakhuthula zonse pamphasa n'kuyamba kusanja potsata zaka. Akatero afafaniza ntchito imene mwini wake anaigwira kale. M'thiranki iyi mtolo wina ndi wa makalata ochokera kwa osindikiza mabuku okhaokha, wina wa mng'ono wake amene anali ku migodi ku Johannesburg, wina wa anzake a ku koleji ya aphunzitsi. Pakati pa makalata a mng'ono wakeyo pali tsamba limodzi la nthano yosatha, lolembedwa pamanja. Tsambalo likachotsedwa pamenepo n'kuikidwa pamodzi ndi zolemba zina za nthano, wofufuza wa m'tsogolo sadzadziwa kuti mlembi ankaona mgwirizano pakati pa makalata aja ndi nkhani imene ankalemba.

Envelopu isasiyane ndi kalata yake. Pa envelopu ndi pamene pali chidindo cha positi ofesi, tsiku, sitampu ndi keyala. Maenvelopu angapo tawapeza atadulidwa pakona chifukwa ana ankatolera masitampu kalelo, ndipo chidindo chinapita limodzi ndi sitampu.

Chimene chadabwitsa banja ndi ichi: makalata olembedwa ndi bambo awo ndi ochepa kwambiri m'thirankimu. Ndi mmene zimakhalira kulikonse. Munthu amasunga makalata amene walandira, pomwe amene iye walemba ali m'nyumba za anthu ena. Otsala m'manja mwake ndi a kaboni okha, a nthawi imene ankagwiritsa ntchito makina otayipira, ndipo amenewo ndi a ntchito, opita kwa osindikiza ndi ku maofesi. Mawu ake enieni kwa amayi ake, alongo ake ndi anzake ayenera kufunidwa kwina.

Lachitatu, chiswe, chuku ndi dzimbiri

Thiranki inakhala pansi penipeni, itatsamira khoma lakunja. Chinyezi chinadya chitsulo chapansi, dzimbiri linaboola, ndipo chiswe chinalowera pamenepo. Mitolo iwiri ya pansi yasanduka dothi m'mphepete. Mphemvu zasiya madontho akuda, ndiponso tizilombo tating'ono totuwa tija tothamanga tapala pamwamba pa mapepala ena, makamaka pomwe panali guluu wa envelopu.

Tagawa mitolo patatu, koma nambala iliyonse ili pamalo pake: yabwino, ya chuku, ndi yokhala ndi tizilombo tamoyo.

Chuku chimakula chinyezi cha mumpweya chikapitirira 65 peresenti kwa masiku angapo. Chikakhala chonyowa kapena choterera, musachipukute, mungochilowetsa m'pepala. Yalani kalata pamthunzi podutsa mphepo mpaka chuku chiume ngati fumbi, ndiyeno chisesereni kunja ndi burashi yofewa, kuchokera pakati pa pepala kupita m'mphepete. Ntchitoyi igwiridwe panja, mutavala N95 ndi magolovesi, ndipo wa chifuwa cha mphumu asayandikire. Kuyanika padzuwa n'kolakwa. Dzuwa limaumitsa msanga, koma limazimitsa inki ndi kukhwimitsa pepala mpaka lizithyoka.

Tizilombo timaphedwa ndi kuzizira. Mtolo wouma bwino uikidwe m'thumba la pulasitiki, mpweya ufinyidwe, thumba litsekedwe, kenaka lilowe m'thumba lachiwiri. Likhale m'filiji youmitsa, yofika madigiri 18 mpaka 20 pansi pa ziro, kwa sabata yathunthu kapena kupitirira. Potulutsa musatsegule thumba kwa maola 24, kuti mame agwere kunja kwa pulasitiki osati papepala. Vuto la kuno ndi magetsi: akazima kwa nthawi yaitali filiji n'kufunda, mazira a tizilombo amapulumuka, ndipo masiku ayenera kuwerengedwanso kuyambira pa chiyambi. Wachibale wina wa pa boma wabwereketsa filiji yake ya m'golosale, ndipo tamata kapepala pachitseko kuti azilembapo nthawi imene magetsi azima ndi kuyaka. Amalume anafunsa ngati mankhwala othira m'chimanga sangathandize. Ayi ndithu. Amadetsa pepala, ndipo poizoni wake amatsalira kudikira zala za aliyense amene adzawerenge.

Mapini ndi mastepulo a dzimbiri amachotsedwa pang'onopang'ono: lowetsani kachidutswa ka pulasitiki kolimba pansi pa stepulo, wongolani miyendo yake kumbuyo ndi kampeni kosathwa, ndiyeno itulutseni kutsogolo. Masamba amene anali pamodzi alowe m'pepala limodzi lopinda. Selotepi yakale isiyeni pomwe ili, chifukwa mukaikoka imachoka ndi mawu. Kumata kalata m'pulasitiki ya moto, kuja amachitira masatifiketi pa boma, n'kuiwononga kotheratu, poti sichotsekanso.

Makalata ena anapindidwa zaka zambiri ndipo akufuna kuthyoka pamzere. Alimi a fodya wa bale kuno amadziwa kuti tsamba louma la m'chigafa siligwiridwa masana, amadikira lifewe ndi chinyezi cha m'mawa. Pepala nalonso n'chimodzimodzi. Ikani thaulo lonyowa pansi pa beseni, pamwamba pake dengu la pulasitiki lozondotsa, kalata pamwamba pa dengu osakhudza madzi, n'kuvindikira. Muziona mphindi 20 zilizonse. Ola limodzi kapena awiri amakwana pa mapepala ambiri. Ikafewa itambasuleni, iikeni pakati pa mapepala oyamwa madzi, pamwamba pakhale galasi kapena thabwa losalala ndi mabuku olemera kwa masiku awiri kapena atatu. Musanatero yesani inki ndi kadontho kamodzi ka madzi pakona. Pensulo ya kale ija yosafufutika, imene inkaoneka yotuwa, ikanyowa imasanduka yofiirira n'kuyenderera. Kalata yotere, ya chuku, komanso zithunzi zisalowe m'beseni.

Lachinayi, kupeza masiku ndi kulemba mndandanda

Iyi ndiyo ntchito yofunika kuposa zonse, ndipo ndi imene singathe kudikira. Pepala lokonzedwa bwino lingakhale zaka zambiri, koma agogo amene akudziwa kuti "Nabanda" wa m'kalata ndi uti mwa a Nabanda atatu a m'mudzi sadzakhalapo mpaka kale. Tsiku lonse takhala ndi mayi wamasiye ndi alongo awo a malemu. Mdzukulu akuwerenga mokweza, iwo akufotokoza, ife tikulemba.

Kalata iliyonse ili ndi mzere wake: nambala ya mtolo ndi ya kalata, tsiku, wolemba, wolandira, kumene inachokera, chiyankhulo, kuchuluka kwa masamba, mmene ilili, ndi mawu ochepa a zimene ikunena. Nambala imalembedwa ndi pensulo, mopepuka, pakona yakumbuyo. Tsiku longoganizira limalembedwa m'mabulaketi kuti lisasokonezeke ndi limene mwini analemba. Chimene agogo anena chimalowa m'danga lakelake, pamodzi ndi dzina la wonenayo ndi tsiku, chifukwa kukumbukira ndi umboni wina, kalata ndi umboni winanso.

Makalata a pachibale ambiri alibe chaka. Amangoyamba ndi "Okondedwa achimwene", kenaka "ine kuno ndili bwino, kaya inu kumeneko", n'kudzathera pa moni kwa onse. Chaka chimapezeka m'njira zina. Sitampu yolembedwa Rhodesia and Nyasaland ndi ya pakati pa 1954 ndi 1963. Yolembedwa Malawi siingakhale ya m'mbuyo mwa 6 Julaye 1964. Mtengo wa sitampu ukakhala wa mapeni ndi mashileni ndiye kuti kwacha ndi tambala zinali zisanayambe, ndipo zinayamba mu 1971. Ya ku South Africa ikakhala ya masenti, ndi ya kuyambira 1961. Mayina a malo nawonso amathandiza: Fort Manning ndi Mchinji wa lero, Fort Jameson ndi Chipata, ndipo Salisbury anasanduka Harare mu 1982. Komabe sitampu imangokuuzani kuti kalata siinatumizidwe chaka chakuti chisanafike. Munthu ankatha kusunga sitampu m'Baibulo zaka ziwiri, ndipo achikulire ankapitiriza kulemba dzina lakale la malo ngakhale litasinthidwa.

Kalembedwe kamanenanso kanthu. Ophunzira m'masukulu a mishoni a kale ankalemba "cimanga" ndi "cifukwa" popanda h. Chiyankhulo chinkatchedwa Chinyanja mpaka 1968, ndipo malamulo a kalembedwe a bungwe loona za chiyankhulochi la Chichewa Board anatuluka mu 1973. Mlembi wathuyu anasintha kalembedwe msanga poti anali mphunzitsi, koma amayi ake, kapena kuti amene ankawalembera, sanasinthe. Apa pali mfundo ina yoyenera kulembedwa: makalata a "amayi" ali m'zolemba za manja osiyanasiyana, chifukwa iwo ankanena mawu, wolemba n'kukhala mwana wasukulu kapena mkulu wa mpingo. Mu mndandanda timalemba onse awiri ngati akudziwika.

Makalata a ku migodi akuchepa mwadzidzidzi pakati pa zaka za m'ma 1970. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi ya ku South Africa, inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo boma la Malawi linaimitsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Mng'ono wa mlembi anabwerera kumudzi m'nyengo imeneyo, choncho kunalibenso chifukwa cholemberana.

Makalata a nthawi ya chipani chimodzi awerengedwe mosamala. Anthu ankadziwa kuti kalata ingatsegulidwe panjira, ndiye ankalemba mozungulira. M'makalata a mnzake wina muli mawu akuti uje "wapita kukacheza kwa azakhali ake". Mayi wamasiye atamva anagwedeza mutu.

"Kumeneko kunalibe azakhali, mwana wanga. Anamutsekera."

Popanda iwo, wofufuza akanawerenga mzere umenewo n'kupitirira osaima.

Lachisanu, Mtunthama

Lero tatsata makalata amene mlembi analemba yekha. Msewu wa M18 wopita ku Nkhotakota umakufikitsani kufupi ndi Mtunthama, kumene kuli Kamuzu Academy, sukulu imene inatsegulidwa mu 1981. M'mudzi wina chakufupi mukukhala mphunzitsi wopuma ntchito, mnzake wa malemu kuyambira ku koleji. Banja linatumiza uthenga dzulo, ndipo mwana wamkulu wa malemu watiperekeza, chifukwa mlendo sangangofika n'kupempha makalata a munthu.

"Bambo, tabwera ndi pempho la amayi," anatero mwanayo atagwada.

Aphunzitsiwo anatulutsa chikwama chachikopa. Makalata ake ndi osungidwa bwino kuposa a m'thiranki, chifukwa chikwamacho chinkakhala pamwamba pa kabati m'chipinda chamkati. M'menemu ndi mmene mlembi akuonekera: akudandaula za kuchedwa kwa osindikiza, akufunsa mnzakeyo ngati mwambi wakuti umanenedwa chimodzimodzi kwa Wimbe ndi kwa Kaomba, akufotokoza chifukwa chimene wasinthira mathero a nthano ina. Mukaika makalata awa pambali pa mayankho amene ali m'thiranki, kukambirana kwa anthu awiriwa kumamveka mbali zonse.

Umwini uli pawiri, ndipo tinaufotokoza poyera. Pepala ndi la wolandira kalata, choncho aphunzitsiwa angathe kusunga, kupereka kapena kukana. Mawu ndi a wolemba, ndipo malinga ndi lamulo la umwini wa zolemba la 2016, umwiniwo umakhalapo moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalira. Aphunzitsi sangasindikize makalatawa popanda chilolezo cha olowa m'malo mwa malemu. Banja nalo silingasindikize makalata a aphunzitsi amene ali m'thiranki popanda chilolezo chawo. Ofuna uphungu pa izi angafunse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zolemba ndi nyimbo m'Malawi.

Aphunzitsiwo asankha kusunga makalata enieniwo, koma alola kuti tijambule. Sikana yaikidwa pa 400 dpi (timadontho 400 pa inchi iliyonse), mwa mitundu yonse osati yakuda ndi yoyera, ndipo mafayilo a pa kompyuta ndi a TIFF, mtundu wosunga chithunzi osachichepetsa ubwino. Tsamba limodzi la A4 limatenga pafupifupi 46 MB, kutanthauza kuti masamba 1,000 amafuna malo okwana 46 GB. Jambulani mbali zonse ziwiri, ngakhale kumbuyo kukuoneka kopanda kanthu, pamodzi ndi envelopu, ndipo m'mphepete mwa pepala muzioneka. Kapepala kabuluu kopyapyala ka makalata a pa ndege kamaonetsa mawu a kuseri. Ikani pepala lakuda kumbuyo kwake, mawu a kuseri azimiririka. Sikana yokoka yokha mapepala isagwiritsidwe ntchito konse, imang'amba. Dzina la fayilo likhale nambala yomwe ija ya mu mndandanda, pakuti chithunzi chosagwirizana ndi mndandanda chimasochera pakati pa zinzake.

Loweruka, pangano ndi kumene makalata apite

Banja linakumananso madzulo. Mwana wina anafunsa chifukwa chotumizira makalata kutali pomwe zithunzi zilipo kale pa kompyuta. Yankho n'lakuti hard drive imafa mosachenjeza, pomwe pepala losungidwa pouma limakhalitsa. Nalonso pepala lili ndi adani ake. Moto unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 ndipo zolemba zambiri za boma za m'mbuyomo zinapsa. Laibulale ya Mzuzu University inapsa mu Disembala 2015. N'chifukwa chake makope ayenera kukhala atatu: lina kwa banja, lina kosungirako, lina kwa wachibale wa m'boma lina. Chaka chilichonse wina azitsegula mafayilo kuona ngati akuwerengeka, ndipo pakapita zaka zinayi kapena zisanu awasamutsire pa hard drive yatsopano.

Malo amene banja likuganizira ndi National Archives of Malawi ku Zomba, amene anayamba mu 1947 ndipo kuwonjezera pa zolemba za boma amasunganso za mishoni ndi za anthu paokha. Ife tikuona kuti makalata a m'Chichewa ayenera kukhala kumene owerenga Chichewa angafike pa basi. Mapepala ambiri okhudza Kamuzu Banda, mwana wa Kasungu yemweyu, akusungidwa ku Indiana University ku America, ndipo wophunzira wa kuno sangangodzuka n'kukawaona.

Pangano liyenera kunena momveka ngati makalata akuperekedwa monga mphatso kapena akungosungitsidwa, chifukwa mphatso sibwezedwa pomwe chosungitsa chingathe kutengedwanso. Linene amene ali ndi umwini wa mawu, amene angapereke chilolezo chosindikiza, ndi makalata amene atsekedwe. Kutseka kukhale ndi malire ake, monga zaka 30 kapena mpaka otchulidwawo atamwalira. Makalata onena za matenda, mikangano ya ukwati ndi ngongole za anthu amoyo alowe m'gulu limeneli. Kutseka n'kwabwino kuposa kuotcha: alongo awo a malemu ankafuna kuotcha makalata awiri, koma atamva kuti angathe kutsekedwa mpaka iwo ndi ana awo atapita, anavomera kuti asungidwe. Mtolo wa m'mpango wofiira ukhalabe kwa mayi, ndipo mu mndandanda walembedwa kuti ulipo.

Podikira kusaina, makalata ali m'mafayilo, 10 mpaka 15 m'fayilo iliyonse, otambasula, m'makatoni osadzaza mopanikiza. Makatoni ali pa shelefu yotalika masentimita 15 kuchokera pansi, kutali ndi khoma lakunja, khitchini ndi matumba a chimanga, komanso osati pafupi ndi malata chifukwa cha kutentha kwa Okutobala. Mdzukulu amene ankawerenga uja wapatsidwa kachipangizo koyezera chinyezi ndi kope. Azilemba nambala Lamulungu lililonse, ndipo ikapitirira 60 peresenti atsegule mazenera masana kukakhala kouma n'kuyang'ana m'makatoni. Mitolo ya m'filiji ituluka Lachinayi likudzali ngati magetsi sanazime nthawi yaitali, ndipo kalata yopita ku Zomba yopempha tsiku lokambirana pangano asaina mayi ndi amalume mawa akaweruka ku tchalitchi.